Tomato wakuda kunsi

Ana inu, ine ndinathyolapo dengu lathunthu la tomato osatembenuza ngakhale mmodzi kuti ndione kunsi kwake. Munali m'chilimwe choyamba titabwerera kuchokera ku Malawi, tsiku la chikumbutso cha apongozi anga, amayi awo a agogo anu anaMbewe. Mlungu wonse ndinali nditalengeza m'mudzi kuti za mbuzi ndi ufa anthu aone okha, koma za tomato asavutike nazo, zimenezo ndi zanga. Ndinafika dengu lili paphewa, ndikuyenda ngati munthu amene wapha nyati, ndipo ndinalitula pakati penipeni pa amayi ophika kuti aliyense aone.

Pamwamba anali wofiira psuu. Abiti Saidi, akazi a mnansi wathu Che Amadu, anatola mmodzi n'kumutembenuza. Kunsi kunali bii, kolowa m'kati, kouma ngati chikopa cha nsapato yakale. Anatola wina, chimodzimodzi. Sanafulumire mayi aja. Ankamuyala palichero mmodzimmodzi chadodolido, mpaka lichero lonse linali kundiyang'ana ndi maso akuda. Wochepa amene anapulumuka kunsi anali wong'aluka pamwamba, ndipo atamudula, m'kati munali ngati gaga wonyowa, madzi osaoneka.

Abiti Saidi anapukuta mpeni pansalu n'kundifunsa mwaulemu ndithu: "Alamu, ameneyu mwalima kapena mwawotcha?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa pamalo otero ukapanda kuseka nawo umasekedwa kawiri. Mbuzi inaphikidwa ndi mchere ndi anyezi wopempha. Ndiye iwe Felizarda, ukamandiona pamsika wa ku Mandimba ndikusuzumira kunsi kwa tomato aliyense, n'kumathawira kuseri kwa ogulitsa kaunjika kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi, dziwa kuti matendawa anayambira palichero lija. Ndimakuona ukamathawa. Maso afooka pa zilembo zokha, osati pa anthu.

Munthu mmodzi sanaseke tsiku lija, agogo anu. Dimba limene tomatoyo anachokera linali la amayi awo. Ine kuno ndine mkamwini, kwathu ndi ku Ngauma. Nkhondo itafika, ife tinathawira ku Malawi, koma apongozi anakana, amvekere akalamba, nkhondoyo ikawafuna idzawapeza pakhonde. Anamwalira ife tili kukampu. Anawaika m'manda ndi Che Amadu, amene sanathawe, Msilamu kuika Mkhristu monga momwe anadziwira. AnaMbewe sanaponyeko dothi, ndipo chimenechi chinkawadya m'kati. Tsono pa chikumbutso cha amayi awo, dimba la amayi awo n'kutulutsa zakuda kunsi.

M'mawa mwake ndinawapeza akumanga mtolo. Anaikamo mphika wabwino, bulangete la kukampu ndi zovala za ana, n'kumanga zonse m'kapulana, chitenje tinene, ya maluwa achikasu imene amayi awo anasiya. Anaukhazika pakona, pafupi ndi khomo.

"Bambo a Lusiya, nthaka ya amayi yatikana. Ine ndibwerera kwa akulu anga ku Namwera, ndi ana."

Ndinayesa kufotokoza kuti nthaka ilibe pakamwa. Anandiyankha kuti n'chifukwa chake imalankhula ndi tomato. Kenaka anati popeza ali ndi pakati, ndipo pakati pamenepo ndi bambo ako iwe Tome, adikira achire, mwana alimbe khosi, aone dimba chilimwe china chimodzi. Likadzabalanso zomwezo, mvula ya chaka chimenecho idzawagwera ali ku Malawi. Kumeneko kunalinso manda a mwana wathu woyamba, choncho sindikanati akungondiopseza.

"Inu mukhoza kutsala," anatero, "muziwerenga."

Mumvetse mmene zinalili kwa ine. Mkamwini wotsala pamudzi mkazi atachoka ali ngati tambala wobwereka misoti itagulitsidwa. Kwathu ku Ngauma kunali thengo lokhalokha, abale atamwazikana. Kuwatsatira ku Namwera ndiye ndikanakakhala mlendo wa mlendo, wopanda munda, wodya pakhomo pa mwamuna mnzanga. Banja langa lonse linali litatsamira pa tomato, ndipo tomatoyo anali wanga.

Za kuwerengazo ndinene, poti mwamva akunditonza nazo. Ine sukulu sindinaipondepo. Zilembo ndinazitola ndekha ndili wamkulu kale, kukampu, pa matumba a chimanga, pa zitini za mafuta ophikira ndi m'buku la nyimbo lopanda chikuto. Ndinkawerenga chilichonse chosathawa. Pepala lokulungira nsomba zouma za ku Amaramba ndinkaliyanika padzuwa n'kuliwerenga, nkhani yoyambira pakati n'kuthera pamafuta a nsomba. Mpaka lero alipo anthu ambiri amene sindidziwa kuti mlandu wawo unatha bwanji. Inu mumangosisita galasi la foni ndi chala, zilembo n'kumabwera zokha ngati nkhuku zamva madeya. Ife tinkazisaka. Vuto lake, munthu akapeza chinthu movutikira amachikhulupirira mopitirira. Ine ndinkakhulupirira kuti yankho la chilichonse linalembedwa penapake, kungoti pepala lake sindinalipeze.

Mudzi umene mukuuonawu sitinaupeze chonchi. Tinauzindikira ndi mitengo ya mango basi. M'nyumba ya apongozi munali mutamera mtengo wofika padenga, dengalo kulibe. Tinagona pansi pa lona, ndipo njala itafika tinadya mango aawisi ophika. Poyenda tinkaponda pamene wina waponda, chifukwa pansi panali mabomba okwirira, aja timati mina. Dimba lili pafupi, mukudziwa, munthu akakuwa kumtsinje pakhomo pano timamva. Koma panjira yachidule mbuzi ya Che Amadu inaponda mina ife tisanabwere, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankazungulira kuseri kwa kaphiri. Ukanyamuka dzuwa likutuluka, unkafika litayamba kuwotcha pakhosi. Iwe Tome umathamanga ndi mpira panjira yachiduleyo poti anadzaiyeretsa anthu ochotsa mina aja, a zitsulo zolira. Ife tinkangoiyang'ana ngati mkazi wa mwini.

Kuwonjezera apo, ine ndinali munthu wotanganidwa. Kukampu tinaphunzira bwinobwino ntchito imodzi, ntchito ya mzere. Ukamva galimoto, thamanga, ima pamzere, ukafunsa kutsogolo kuti akugawa chiyani. Titabwerera, miyendo yanga sinadziwe kuti tabwerera. Kukamveka kuti ku Mandimba akugawa makasu, ndili konko. Mbewu, ndili konko. Kulembetsa maina, ndili konko, ndipo poti ndinkawerenga, ndinkatsalira kuwerengera anzanga zimene zamatidwa pakhoma, ngakhale amene sanandipemphe. Nthawi ina ndinaima m'mawa wonse pamzere umene pamapeto pake unali wa amayi oyembekezera. Kudimba ndinkapita masiku opanda mzere.

Ndikafika ndinkapeza tomato atazyolika, masamba ali lende, nthaka itang'aluka. Chisoni chinkandigwira. Ndinkatenga chitini cha mafuta chimene ndinachiboola ndi msomali, n'kuthira, n'kuthira, mpaka dimba lonse matope, kumupepesa masiku onse amene ndinajomba. Sindinkaona cholakwika. Kukampu ifenso tinkakhala choncho. Tsiku logawa, ndiwo zinkasambira m'mafuta mpaka milomo kunyezimira. Kumapeto kwa mwezi, therere la chidulo. Ndipo sitinafe. Ndinkayesa kuti tomato nayenso amalimvetsa dongosolo limeneli.

Ndikanakhala munthu wokumbukira, ndikanakumbukira apongozi anga nkhondo isanabwere. Mayi aja kudimba ankapita tsiku lililonse, ndi kachikho kamodzi kotungira, chikho chenicheni cha mphonda, osati makapu apulasitiki amene mumamwerawa. Ine ndinkati amapitako pothawa phokoso la adzukulu, chinthu chimene panopa ndimachimvetsa. Tomato wawo sanali wamkulu. Wina anali phwetekere wamng'onomng'ono uja, wowawasa, woti awiri atatu okha ndiwo zasintha nkhope. Akachuluka ankamudula n'kumuyanika padenga, kudzathira m'ndiwo m'dzinja. Wa masiku ano amene mumagula, wolimba ngati dzira lophika, amakhala pashelefu milungu osawola chifukwa ngakhale kuwolako amasowa poyambira. Koma ndasochera, tibwerere.

Dzinja linabwera, tinalima chimanga, bambo ako anabadwa, mtolo uli pompaja. Ana anazolowera kuulambalala. Mphaka ankagonapo. AnaMbewe ankaphika mumphika wothyoka khosi pamene wabwino uli mumtolo, ndipo ine sindinkafunsa. Nthawi ndi nthawi amalonda a nsomba odutsa kumalire ankabwera ndi uthenga wochokera ku Namwera, wakuti malo alipo, nyumba yaing'ono ya kuseri ikungokhala. Uthengawo ankaunena ine ndili pomwepo, n'kundipatsanso moni.

Anthu anali ndi maganizo awo pa za dimba lija. Ena ankati nthaka inamwa wonga wa mfuti. Ena ankanena chapansipansi zomwe ankanena anaMbewe. Che Amadu nditawafunsa anati iwo amadziwa mbuzi ndi mphasa, za tomato ndifunse mapepala anga. Ine monga munthu wowerenga ndinagamula kuti vuto ndi mbewu yogawa ija, ndipo m'masika ndinanyamuka ulendo wa ku Cuamba kukagula mbewu yeniyeni, ya m'paketi.

Masiku ano mumakwera shapa, minibasi zanu zija, m'mawa, madzulo mwabwerako mukudandaula fumbi. Nthawi imeneyo tinkakwera pamwamba pa katundu wa lole, milatho itagumuka. Pamtsinje uliwonse tinkatsika, kuyala matabwa, kukankha, kutola matabwa athu, kukweranso. Woyendetsa ankatitenga ngati okwera ponyamuka, ngati antchito ake panjira. Ku Cuamba ndinaona komboyo, sitima ya pamtunda, ikufuka utsi pasiteshoni, ndinagula paketi yanga m'sitolo, ndipo ndinaiwerenga ulendo wonse wobwerera, kutsogolo ndi kumbuyo. Analemba za kutalikirana kwa mbande. Za kuda kunsi sanalembe, za apongozi sanalembenso.

Mbewu ya ku Cuamba inamera bwino m'nyengo yozizira. Pofuna kuithandiza ndinakokolola khola lonse la mbuzi za Che Amadu n'kukakhuthulira m'dimba. Masamba anakula ngati nkhalango, munthu akanabisalamo. Tomato wake anali wamkulu, koma ukamunyamula, wopepuka ngati mpira wa ana. Ukamudula, m'kati mphako, nthanga zitaunjikana pakona ngati anthu pamaliro a munthu amene samudziwa. Ndinati vuto ndi mthunzi, ndinathothola masamba kuti dzuwa lizimufika. Dzuwa linamufikadi. Linamuwaula mbali imodzi mbuu, khungu n'kulimba, moti ukadya linkatsalira m'kamwa ngati pepala lapulasitiki. Ndipo kunsi, bii, monga mwa masiku onse. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wanga ngakhale nyerere zinkamulambalala.

Ndikabwera naye kunyumba, anaMbewe ankamutembenuza, kumudula, kumuyang'ana, n'kuponyera nkhuku. Nkhuku zinkabwera mothamanga, kumuyang'ana ndi diso limodzi, kenaka ndi linalo, n'kubwerera. Kutentha kunayamba, mitengo ya m'thengo inaphuka masamba ofiira aja, ndipo ndinkadziwa kuti kuseri kwa masamba amenewo kuli mvula. Tsiku lina ndinapeza mtolo uli pabwalo, akuuyanika padzuwa osaumasula, kuti usakanunkhe nkhungu kwa eni.

Chimene chinandithandiza ndi malungo. Anandigwetsa ndithu, moti galimoto inalira kumsewu miyendo osayankha. Masana ankandiyalira mphasa kuseri kwa nyumba, pamthunzi, pafupi ndi bafa. Chowerenga panalibe, paketi ija ndinali nditailoweza. Ndiye ndinkangoyang'ana chimene chinali kutsogolo kwanga, ndipo chinali tomato mmodzi womera yekha, pamene tinataya zotsala za dengu la manyazi lija. Wina anali atamuzikira kamtengo n'kumumangirira ndi kansalu kachikasu. Sindinaganizepo kanthu, mutu unali kuwawa.

M'mawa uliwonse anaMbewe ankasambitsa mwana, n'kukhuthula madzi otsala m'beseni pomwepo. Madzi ochepa, osadzaza ndi chitini changa chomwe. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Nthaka yake sinkauma, sinkachitanso matope, ndipo udzu wogwa kumpanda wa bafa unali utaphimba patsinde. Nditapezako mphamvu ndinakwawa, ndinathyola mmodzi wakupsa, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinayamba ndi kumutembenuza. Kunsi kunali kosalala, kofiira. M'dzanja anali wolemera ngati mwala wa kumtsinje. Nditamuluma, madzi anatsikira mpaka pachigongono. Mbewu inali yomwe ija ndinainyoza, nthaka inali ya apongozi omwe aja. Chosiyana chinali chakuti ameneyu sindinkamusamalira ine.

Ndinadzikoka kupita kukawaonetsa anaMbewe chotsala cha tomatoyo, malovu anga ali pomwepo. Anayang'ana n'kunena kuti wa kubafa ndi wa kubafa, iwo ananena za dimba, ndiponso munthu wodwala asamadye zinthu za eni osapempha.

Kudimba kunali mbande zina zimene ndinaokera mochedwa, zimene zinapulumuka poti zinali kufupi ndi madzi, ndipo zinali zitangoyamba maluwa. Ndinazula zakale zonse n'kusiya zimenezo, zochepa, zoti munthu mmodzi wochira malungo angazikwanitse. Ndinaphimba patsinde ndi udzu wotsala pofolera nyumba. Ndiye m'mawa uliwonse, kuzungulira kaphiri, kuthira pang'ono, kubwerera. Mawa chimodzimodzi. Ntchito yake ndi yotopetsa chifukwa ilibe nkhani. Ukachokera pamzere umakhala ndi zofotokozera anthu, amene anakomoka, amene analowa kawiri, amene anatukwana wolemba maina. Ukachokera kothirira umangonena kuti ndathirira.

Tsiku lina ndili panjira ndinamva lole ikulira cha ku Mandimba, ndipo anthu anandipitirira akuthamanga, akuti kwabwera mabulangete ndi mapoto. Miyendo inatembenuka yokha. Ndinaima pakati pa njira ndikukangana nayo ngati munthu wokoka mbuzi yokana kumsika. Ndinapita kudimba. Anthu anati malungo aja anakwera kumutu, ndipo amene anabwera ndi mapoto anadutsa dala pakhomo pathu akuwaliza.

Mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo pamene tomato woyamba anapsa. Ndinamutembenuza ndili chogwada m'dimba momwemo, mmodzimmodzi, ngati Abiti Saidi. Ndinanyamula wochepa m'chipewa. AnaMbewe ndinawapeza akupeta pakhonde, bambo ako ali kumbuyo. Anatola mmodzi, anamutembenuza, anamufinya pang'ono, anamudula pakati. Nthanga zinali m'zipinda zake, mnofu wothina, madzi akudontha pampeni. Anathirapo mchere, anadya theka. Theka linalo analiyang'ana kwa nthawi ndithu, kenaka anadyanso. Ine sanandigawire.

"Mawa ndipita nanu kudimbako," anatero. "Mpanda wa amayi unkadutsa kumtunda kwa chulu. Inu mwauika polakwika."

Tsiku lomwelo ndiwo zinaphikidwa mumphika wabwino uja. Mphaka anazungulirazungulira pakona, n'kukagona kwina.

Mvula itagwa ndinapita kwa Che Amadu ndi tomato palichero, kuti Abiti Saidi amutembenuze pamaso panga. Anamutembenuza yense, sanapeze chotonza, ndipo kwa mayi amene aja chimenecho chinali chiyamiko chachikulu. Ndinakhala ndi Che Amadu pansi pa mango, iwo akusoka mphasa, ine ndikuwafotokozera mmene ndinafufuzira nkhani ya madzi, ndi kuti pakanapanda nzeru zanga bwenzi banja langa lili ku Namwera. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo mukudziwa kuti ine ndikayamba sindimaliza msanga. Kenaka anandifunsa ngati kansalu kamene kanamangirira tomato wa kubafa ndinakayang'anitsitsa. Ndinati kanali kachikasu. Anati eya, ka maluwa, kong'amba ku kapulana ya mtolo uja, akazi awo anaona chikuchitika.

Che Amadu anakoka chingwe cha mphasa, anachiluma, n'kunena osandiyang'ana.

"AnaMbewe anamangirira kale, m'nyengo yozizira, inu muli pamzere ku Mandimba. Munthu wa paulendo samangirira tomato, alamu. Amene tinkamudikira kuti afike kuchokera ku Malawi ndinu."